Kamlatho ka pabeseni la amayi

Nditafika kwathu kwa Njombwa mu Epulo chaka chatha, ndinapeza amayi atamanga chala chachikulu cha kumanzere ndi kansalu. Nditawafunsa, anangoti, "Aa, ndi kabala chabe, mpeni unandipulumuka." Mng'ono wanga ndiye anandiululira madzulo tikutsuka mbale. Kabala kameneko kanawapititsa kuchipatala kawiri, chala chitatupa mpaka kuchita mafinya, ndipo kwa masiku 9 sanagwireko fodya.

Amene munakulira ku Kasungu mukudziwa kuti masiku 9 a mu Epulo si masewera. Fodya amakhala atauma m'chigafa, anthu ali kalikiliki kusankha masamba, kumanga timitolo ndi kudinda mabelo pa jeke kuti afike msanga kumsika wa Chinkhoma. Pakhomo pathu wodziwa kusankha fodya ndi amayi. Atadwala, panafunika aganyu awiri, ndipo ndalama yowalipira inachoka pa fizi ya mng'ono wanga yemweyo.

Chomwe chinandipweteka n'chakuti mpeni womwe unawachekawo unali wobuntha. Amayi amadula ndiwo monga amadulira amayi ambiri: masamba m'dzanja, chala chachikulu kutsogolo, mpeni ukubwera molunjika chalacho. Mpeni ukakhala wakuthwa umangodutsa m'masamba popanda mphamvu. Ukabuntha, munthu amakanikiza, ndiye ukaterereka umapita ndi mphamvu yonse ija. Tsiku limenelo ankadula nkhwani zoti afutse, lichero lathunthu. Kunola kwawo kunali kwa pasitepe ya khonde, kukwecha uku ndi uku kangapo basi. Simenti imanola ndithu, koma mchenga wake ndi waukulu, ndipo mpeni umabunthanso lichero lisanafike pakati.

Nditabwerera ku Lilongwe ndinalowa m'sitolo ina ya zipangizo zomangira n'kugula mwala wonolera wa mbali ziwiri. Pabokosi panalembedwa 400 ndi 1000. Manambalawa amanena kukula kwa timchenga ta mwalawo: nambala yaing'ono ndi mbali yokhakhala, yokonzera mpeni womwe wabuntha kwambiri kapena wagumuka, pomwe yaikulu ndi mbali yosalala yomalizira. Mwala wotere umafuna madzi. Umayamba wauviika mpaka timathovu titasiya kutuluka, ndipo ukamanola umathirabe madzi kuti tizitsulo topalika pa mpeni tisatseke timabowo ta mwala. Ku Japan, komwe kanoledwe aka kanakhazikika kalekale, miyala yotere ankaikumba m'mapiri a kufupi ndi Kyoto. Yomwe timagula ife ndi youmba kufakitale.

Mwalawo ndinautumiza kumudzi ndili ndi chimwemwe chodzaza tsaya. Patapita milungu itatu ndinaimba foni kufunsa mmene ukugwirira ntchito.

"Mwala wako uja ndi wosakhazikika," anatero amayi. "Ndikauika pa tebulo ukuthawa. Ndiugwire ndi dzanja limodzi, mpeni ndi dzanja lina, ndiye ukufuna ndidzichekenso? Komanso madzi ake akuda aja angodetsa nsalu yanga. Ndausunga m'kabati."

Ananena zoona. Kunola bwino kumafuna manja onse awiri pa mpeni, lina pa chigwiriro, lina likutsamira pa chitsulo. Mwala uyenera kukhala phee pawokha. Ndili mkati moyang'ana mavidiyo pa YouTube ndinaona kuti anzathu kunja ali ndi kachipangizo kake. Ndi thabwa kapena chitsulo chomwe amachigoneka modutsa pamwamba pa sinki ngati mlatho, mwala n'kuupana pamwamba pake. Madzi a pampopi amagwera pa mwala, zonyansa zikutsikira m'sinki. Zogulitsa zake n'za chitsulo chosachita dzimbiri, zina za nsungwi zomata. Nditawerengera mtengo wake ndi wotumizira, pamene kwacha inali itagwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinangotseka tsambalo. Ndinati ndipanga ndekha. Thabwa ndi thabwa, chovuta n'chiyani?

Ndinayesera pa sinki ya simenti ya panja pa nyumba yomwe ndimachita lendi. Loyamba linali thabwa la wadiropu yothyoka yomwe mnzanga anataya posamuka. Linkaoneka bwino, losalala, loyera. Koma matabwa amenewa ndi utuchi woumbidwa ndi guluu, kunja kokha ndiko amamata kachikopa kokongola. Madzi atangolowa pomwe ndinacheka, linafufuma ngati chitumbuwa. Pasanathe sabata linkanyenyeka m'manja.

Lachiwiri linali la paini, lomwe ndinagula kwa ogulitsa matabwa. Paini ndi amene ambiri timamudziwa, wochokera kunkhalango ya Chikangawa, wopepuka, wosavuta kucheka ndi kukhoma. Ine sindinafunse ngati thabwalo linali louma, komanso ndinasankha lopyapyala kuti nditchipitse. Ndikakanikiza mpeni, pakati pankanepa, mwala ukugwedera. Patapita masiku linakhota ngati bwato, pansi pake panamera chuku chakuda, ndipo misomali yomwe ndinakhomera timatabwa topanira mwala inayamba kutulutsa madzi a dzimbiri. Apa ndinazindikira kuti ntchitoyi ndi ya thabwa lomwe lizinyowa lero, kuuma mawa, kunyowanso mkucha, koma osasintha maonekedwe. Si mtengo uliwonse umene ungapirire zimenezo.

Mu Ogasiti ndinapitanso kumudzi, thabwa la paini lokhota lija lili m'chikwama. Ndinapita nalo kwa amalume, mchimwene wawo wa amayi. Iwo ndi mlimi wa fodya, koma zitseko, mipando ndi mabokosi a maliro a m'mudzi mwathu ambiri anadutsa m'manja mwawo. Analitembenuza uku ndi uku, kenako anaseka.

"Ndiye sukulu yonse ija wabwera ndi chimenechi? Sinki yake ili kuti kuno?"

Funso limeneli ndinali ndisanaliganizire n'komwe. Kwa amayi kulibe sinki kapena mpopi. Madzi amachokera pamjigo, mbale amatsukira m'beseni n'kuyanika pa thandala. Ndipo amayi sagwira ntchito ya kukhitchini ataimirira ngati anthu a m'mavidiyo aja. Amakhala pa kampando kafupi kapena pamphasa, chilichonse chili pansi patsogolo pawo. Choncho mlatho wanga unayenera kudutsa pa beseni. Tinayesa la pulasitiki, amalume anangolikanikiza ndi chikhatho milomo yake n'kupindika. Tinasankha lachitsulo lakale lomwe amayi amaviikamo mphale, lotalika masentimita 45 kuchoka mlomo wina kufika wina. Anati muzikhala madzi osachepera theka, chifukwa kulemera kwa madziwo ndiko kuziletsa beseni kugwedezeka.

Titathana ndi beseni, tinayamba kuzungulira pakhomo kufunafuna choyalapo. Ine ndinaloza mulu wa matabwa a bulugama omwe anatsala pokonza chigafa. Bulugama ndi wolimba, ndipo ku Kasungu ali paliponse. Amalume anatola limodzi n'kundionetsa kumapeto kwake. Linali ndi ming'alu itatu, komanso linapotoka moti ukaligoneka pansi ngodya imodzi inkayang'ana kumwamba. Anati bulugama akamauma amakoka, makamaka ngati mtengo unadulidwa uli waung'ono. Kenako anandinunkhitsa. Linali ndi fungo la oyilo wakuda wa m'galimoto, yemwe anthu amapaka mitengo pothamangitsa chiswe.

"Mpeni wa ndiwo ukhudzane ndi zimenezi? Ndi beseni lomwelo mawa aviikemo mphale?"

Pamenepo anandichenjezanso za zidutswa za mitengo ya magetsi ndi mapolo ena obiriwira omwe amanyikidwa m'mankhwala. Saola, n'zoona, koma chomwe chimawaletsa kuola ndi poizoni, ndipo sayenera kuyandikira chakudya.

Ndinafunsa za chitsulo. Pa tiledi senta pali mnyamata wowotcherera yemwe akanatha kundilumikizira zidutswa ziwiri mphindi zochepa. Amalume anapukusa mutu. Chitsulo wamba chikamakhala pamadzi tsiku ndi tsiku chimachita dzimbiri, ukachipenta penti amakanganuka. Mwala wonolera ndi wosachedwa kusweka, ukaupana pakati pa zitsulo ukhoza kugumuka m'mbali. Komanso dzanja likaphonya, mpeni ukagunda thabwa palibe chimachitika, koma ukagunda chitsulo ntchito yonse yapita m'madzi. Nsungwi nazo tinazisiya. Zathu kuno n'zobulungira, zokhala ndi mphako, ndipo kuti upeze malo afulati oikapo mwala uyenera kuwaza timizere tambiri n'kumata ndi guluu wosaopa madzi, yemwe tinalibe.

"Nanga mtengo weniweni wa ntchito imeneyi ndi uti?" ndinafunsa.

"Mlombwa," anayankha osaganizira kawiri. "Ukauma wauma. Sukhota, sufufuma, chiswe chimaudutsa. Koma uupeza kuti?"

Amalume amati ali anyamata mlombwa unkapezeka ukangolowa m'thengo. Lero pa zigwa za kwathu ukaima pachulu umaona minda, zigafa ndi mizere ya bulugama mpaka kutali. Mitengo yachilengedwe inatha ndi kutsegula minda, kumanga zigafa, nkhuni zochizira fodya wa m'mabalani ndi makala. Lamulo la nkhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, sililola munthu kungodula mitengo yotere mwachisawawa. Ngakhale kunja nkhaniyi inafika: mu Novembala 2022, pa msonkhano wa CITES ku Panama, mitengo ya mu Africa ya mtundu wa mlombwa ndi mbawa inaikidwa pa mndandanda wa mitengo yomwe malonda ake opita kunja ayenera kukhala ndi chilolezo. Kudula mlombwa chifukwa cha kathabwa konolerapo mpeni kukanakhala kupenga.

Koma ine ndinkadziwa pomwe panali mlombwa wouma kale. Kuseli kwa chigafa, pansi pa malata awiri akale, pali chitseko cha nyumba ya agogo aamuna, bambo awo a amayi. Nyumbayo inagwa ndi mvula ine ndili ku sekondale, koma chitseko chinatuluka chili bwinobwino. Chakhala pamenepo zaka zonsezi, nkhuku zikuikira mazira kumbuyo kwake. Ndinachipukuta ndi dzanja, pansi pa fumbi panaoneka mtundu wofiirira uja, wopanda mng'alu ngakhale umodzi. Thabwa limodzi la m'munsi linali lokwanira ndendende. Amalume anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chitseko si changa. Kafunse mwini wake."

Ndinawapeza amayi akupeta chimanga. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, ngati ndikupereka lipoti kuntchito: kuti mlombwa ndi wabwino kuposa mitengo yonse, kuti chitsekocho chikungokhala, kuti tichotsako thabwa limodzi lokha, komanso kuti zonsezi ndikuchitira chala chawo chomwe. Anapitiriza kupeta mpaka nditamaliza.

"Chitseko chimene chija bambo anga anagula ndi ndalama ya fodya wawo woyamba. Ndinakula ndikuchitsegula. Ndikadzamanga nyumba ya njerwa zootcha chidzalowa pamenepo chili chathunthu. Usachikhudze."

Ndisaname, ndinakwiya. Nyumba ya njerwa zootcha imeneyo yakhala ikunenedwa kuyambira ndili mwana, ndipo chaka chilichonse ndalama ya fodya imathera ku feteleza, ngongole ndi fizi. Fizi yambiri inali yanga. Ndinatsala pang'ono kuyankha kuti chitsekocho chidzaolera pomwepo, koma mawuwo anandikakamira pakhosi nditakumbukira komwe njerwazo zinapita. Ndinangoti, "Chabwino amayi," n'kubwerera kwa amalume manja ali m'mbuyo.

Ndinawapeza atatsitsa kale thabwa lina kudenga la shedi yawo, ngati ankadziwa yankho. Linali la malaina. Mtengowo anadzala okha m'malire a munda, anaudula zaka ziwiri zapitazo, matabwa ake n'kuwasanja pamthunzi ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Malaina ndi mtengo wobwera, kwawo ndi ku India ndi mayiko oyandikana nawo, koma kuno unazolowera ngati mbadwa. Anati vuto lake ndi kuchedwa kuuma, ndipo ambiri amaugwiritsa ntchito mkati mukadali madzi. Koma ukauumitsa bwino umakhala momwe waupalira. Ndi wopepuka, sununkha, ndipo ulibe utomoni ngati paini. Sulimba ngati mlombwa, ndipo ukausiya panja pa mvula udzaola. Ubwino wake, ukaola pali mitengo ina 6 m'malire momwemo.

Tinacheka thabwa lotalika masentimita 55, mulifupi 10, kuchindikala inchi imodzi yathunthu. Pa kuchindikalaku amalume sanalole kunyengerera, anati ndi pomwe ndinalakwitsa ndi paini uja. Analipala ndi puleni mpaka litagona pa tebulo osagwedera, n'kuzungulitsa ngodya zonse kuti lisabaye munthu. Kunsi kwake tinaikako timatabwa tiwiri togwira milomo ya beseni chakunja, kuti mlatho usamapite kutsogolo kapena kumbuyo. Popeza beseni ndi lozungulira, anatisema pang'ono mkati kuti titsatire mlomowo. Pamwamba tinaikanso tiwiri, kena kutsogolo kwa mwala, kena kumbuyo, kusiya kampata kakang'ono. M'kampatamo mumalowa kamtengo kosongoka mbali imodzi, komwe ukakakankha ndi chala mwala umagwidwa nganganga, ukakasolola mwala umachoka kuti utembenuze mbali inayo.

Misomali sitinagwiritse ntchito. Amalume anabowola timabowo n'kukhomamo tizikhomo ta mtengo tomwe anasema pomwepo. Anati madzi akalowa tizikhomo timafufuma n'kugwira kwambiri, pomwe msomali umadyeka. Amene muli m'tauni ndipo mungapeze masikuluwu osachita dzimbiri, nawonso ndi abwino. Chomaliza chinali malegeni. Mng'ono wanga anabweretsa chubu chakutha cha njinga, tinachitsuka ndi sopo, n'kudula timizere. Tiwiri tinakulunga kumapeto kwa thabwa pomwe limakhudza beseni, kamodzi tinayala pansi pa mwala. Mphira wonyowa pa chitsulo umagwira kuposa thabwa lopanda kanthu. Ndinafuna kupaka vanishi kuti lioneke bwino pa chithunzi, koma anakana. Vanishi amasweka, madzi amalowa kunsi kwake n'kukanika kutuluka. Mafuta ophikira nawo amadzanunkha chiwawa pakapita nthawi. Anati lisiyidwe choncho, likagwira ntchito lizitsukidwa n'kuimikidwa pamthunzi, osati padzuwa.

Madzulo ake tinaika beseni pakhonde. Amayi anabwera ndi mipeni yawo itatu, nkhope ili yokayika. Anayamba agwedeza mwala ndi dzanja, sunasunthe. Anakhala pa kampando kawo, beseni pakati pa miyendo. Ndinawaonetsa zomwe ndinaphunzira: kugoneka mpeni pa mwala n'kudzutsa msana wake pang'ono, pafupifupi madigiri 15 mpaka 20, kukankha ndi kubweza osasintha kapendekedweko, ndi kutunga madzi ndi chikhatho m'beseni momwemo kuthira pa mwala. Mbali imodzi ukainola mokwanira, kumbali inayo kumatuluka kamlomo kakang'ono kokanda, komwe umakamva ukasisita ndi chala kuchokera kumsana kupita kokuthwa. Kakamveka mpeni wonse, umatembenuza. Ukamaliza mbali zonse pa 400, umabwereza mopepuka pa 1000 mpaka kamlomo kaja katatha.

Za madigiri sanazimvere n'komwe. Dzanja lawo linapeza lokha kapendekedwe kake, ndipo pofika mpeni wachiwiri ankanola mwachangu kuposa ine amene ndinaonera mavidiyo mwezi wathunthu. Anatuma mng'ono wanga kukatenga tomato wakupsa kwambiri. Mpeni unangolowa osamufinya. Anadula kachiwiri, kachitatu, kenako anati, "Koma muwauze ana asamaseweretse mipeni imeneyi tsopano." Kwa amayi anga kumeneko ndiye kuyamikira. Ndinawapempha kuti masiku oyamba azidulira pa thabwa mpaka dzanja lizolowere kuti mpeni sukufunanso mphamvu. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti azidya nsima ndi foloko, komabe amalume anawadulira chidutswa chotsala cha malaina chija, ndipo ndamva kuti nkhwani zikachuluka amachigwiritsa ntchito.

Ngati nanunso mukufuna kupanga kanu, kaya n'ka pa sinki ya m'tauni kaya pa beseni, yambani mwayeza pomwe kazikhala ndi kuona mmene mwini wake amakhalira akamagwira ntchito. Kwa wogulitsa matabwa funsani kuti thabwalo lauma nthawi yaitali bwanji, linunkhizeni, ndipo muligoneke pamalo afulati muone ngati likugwedera. Lopyapyala lisiyeni ngakhale litchipe. Paini wouma bwino komanso wochindikala akhoza kukutumikirani ndithu mukamamuumitsa mukamaliza, kungoti sakhalitsa. Ine kanga ka ku Lilongwe ndinapanganso ndi malaina omwewo, ndipo m'malo mogwira kunja, timatabwa ta kunsi timalowa mkati mwa sinki.

Mvula yadutsa, fodya wina walowa m'chigafa, ndipo thabwa la amayi likadali lowongoka. Langoda pang'ono pomwe pamakhala mwala. Malegeni anasintha kamodzi. Vuto lomwe labuka ndi la anthu obwereka. Mwezi watha mng'ono wanga ananditumizira chithunzi pa WhatsApp, mwala utakumbika pakati ngati chikho, chifukwa mnyamata wina wa pafupi ananolerapo chikwanje ndi nkhwangwa. Amalume anauwongola poukwecha pa simenti yonyowa, ndipo amayi aika lamulo: wofuna kunola mpeni abwere nawo pakhonde, anolere pomwepo iwo akuona. Zikwanje zili ndi tupa wake.

Chitseko cha agogo chikadali kuseli kwa chigafa. Ulendo wapitawu ndinachiika pa njerwa zinayi kuti chisakhudze dothi, n'kusintha lata limodzi lomwe linkadontha. Amayi anandiona ndikuchita zimenezi ali pa thandala, sananene kanthu. Usiku wake tikudya anandifunsa kuti njerwa zootcha 1,000 zikugulidwa bwanji masiku ano, ndipo ndinawalonjeza kuti ndifufuza.